Harold Edgerton, katswiri amene adaimitsa chipolopolo m'malere

Kuwala kumene kumathwanima pamwamba pa kamera, wojambula akamatola zithunzi paukwati kapena pamsonkhano wa atolankhani, kumakhala kwa kanthawi kochepa zedi, nthawi zambiri kosaposa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Kuti chithunzi chituluke bwino, kuwalako kuyenera kufika pamene chitseko cha kamera, chimene ojambula amachitcha shata, chatseguka chonse. Kukafulumira kapena kuchedwa pang'ono pokha, chithunzi chimada. Munthu amene adathera moyo wake pa kanthawi kameneka, nasandutsa fulashi ya magetsi kukhala chida cha wojambula aliyense, adali Harold Eugene Edgerton wa ku America.

Edgerton adabadwa pa 6 Epulo 1903 ku Fremont m'chigawo cha Nebraska, ndipo adakulira m'tauni yaing'ono ya Aurora. Bambo ake adali loya. Luso lojambula adaliphunzira ali mnyamata kwa mbale wa bambo ake, Ralph Edgerton, amene adali ndi situdiyo ya zithunzi. Pa tchuthi ankagwira ganyu pakampani yopanga magetsi, ndipo ndi kumeneko kumene mtima wake udakopeka ndi makina. Adatenga digiri ya uinjiniya wa zamagetsi pa University of Nebraska m'chaka cha 1925, nagwira ntchito chaka chimodzi kukampani ya General Electric ku Schenectady. Mu 1926 adalowa sukulu ya ukachenjede ya Massachusetts Institute of Technology, yodziwika ndi dzina lachidule la MIT, ndipo sadachokekonso mpaka imfa yake. Mu 1928 adakwatira Esther Garrett, ndipo banjali lidakhala ndi ana atatu.

Ku MIT sadapitire zithunzi. Ankafufuza zimene zimachitika m'kati mwa injini zikuluzikulu zoyendera magetsi pamene ntchito yazikulira mwadzidzidzi. Vuto lidali lakuti injiniyo ikamazungulira, diso siliona kanthu koma chimbuuzi. Kuti athane ndi vutoli adapanga nyale yong'anima mobwerezabwereza, kung'anima kulikonse kukugwirizana ndi kuzungulira kumodzi kwa injini. Popeza diso linkaona gudumu pamalo amodzimodzi nthawi iliyonse nyale ikayaka, gudumulo linkaoneka ngati laima chilili. Nzeru yotere idalipo kale, koma nyale ya Edgerton idali yowala kwambiri ndi yozima msanga kotero kuti kamera inkatha kujambula zimene diso likuona. Mphamvu ya magetsi inkaunjikidwa m'kachipangizo kotchedwa capacitor, kenako n'kutulutsidwa yonse kamodzi kudzera m'chubu cha galasi chodzaza ndi mpweya wapadera. Ndi kafukufuku ameneyu adatenga digiri ya udokotala mu 1931.

Apa ndi pamene adaona kuti nthawi ya chithunzi ingathe kulamulidwa ndi kuwala m'malo mwa shata. Shata za masiku amenewo zidali za sipuling'i ndi tizitsulo, ndipo zothamanga kwambiri zinkatseguka kwa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Chipolopolo cha mfuti yaikulu chimayenda mamita oposa 800 pa sekondi, kutanthauza kuti m'kanthawi kameneko chimakhala chadutsa kale mtunda wosachepera masentimita 80. Edgerton ankazimitsa nyale zonse m'chipinda, n'kusiya shata ili yotseguka mumdima. Filimu sinkalandira kalikonse kufikira fulashi itang'anima kwa gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a sekondi. M'kanthawi kotero chipolopolo sichiyenda ngakhale milimita imodzi, ndipo pachithunzi chimaoneka chitaima. Katswiri wa ku England, William Henry Fox Talbot, adayesapo njira yofanana ndi imeneyi mu 1851, pamene adajambula tsamba la nyuzipepala ya The Times likuzungulira pagudumu, pogwiritsa ntchito kuthetheka kwa magetsi. Edgerton ndiye adaisandutsa njira yodalirika imene munthu angaibwereze tsiku lililonse.

Chovuta chimene chidatsala chidali kudziwa nthawi yoyatsira fulashiyo, poti chala cha munthu sichingapikisane ndi chipolopolo. Iye ankaika maikolofoni pafupi ndi njira ya chipolopolo, ndipo phokoso likafika pamaikolofonipo, fulashi inkayaka yokha. Akasuntha maikolofoniyo pang'ono, chipolopolo chinkagwidwa chili pamalo ena. Umu ndi mmene mu 1964 adajambulira chipolopolo chikuboola chipatso cha apozi, chipatsocho chisadaphwasuke. Pojambula dontho la mkaka ankalidutsitsa pakamzere ka kuwala, ndipo kachipangizo ka magetsi kankadikira kanthawi koyezedwa bwino kasadayatse fulashi. Dontho likagwa, mkaka umathovoka n'kupanga chooneka ngati chisoti chachifumu. Chithunzi china cha mtundu umenewu chidaonetsedwa ku Museum of Modern Art mumzinda wa New York mu 1937, koma iye adapitiriza kuyesa kwa zaka 20 pofuna chisoti chofanana mbali zonse, ndipo chithunzi chake chotchuka cha mitundumitundu adachijambula mu 1957. Filimu yaifupi yoonetsa ntchito yake, Quicker'n a Wink ya mu 1940, idapata mphoto ya Oscar.

Phindu la ntchitoyi kwa ojambula wamba limamveka bwino poona zimene ankagwiritsa ntchito kale. Poyamba ankayatsa ufa wa magnesium, umene unkafuka utsi ndiponso unkapsereza anthu. Cha m'ma 1930 kudabwera mababu oyaka kamodzi n'kutayidwa. Babu lotere silinkawala msanga: ambiri ankatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 50 a sekondi kuti afike pachimake. Motero kamera inkayenera kuyatsa babu kaye, shata n'kutseguka pambuyo pake. Fulashi ya magetsi sidikira, choncho kamera imayenera kuiyatsa shata itatseguka kale. Ichi n'chifukwa chake makamera akale ambiri ali ndi zilembo ziwiri: M ya mababu, ndi X ya fulashi ya magetsi, imene chubu chake chimakhala ndi mpweya wa xenon. Wojambula akasokoneza zilembozi, fulashi inkayaka n'kuzima shata isadatseguke, ndipo ankabwerera kunyumba ndi filimu yopanda kanthu.

Malire ena alipobe mpaka lero. Makamera ambiri osintha magalasi ali ndi shata ya zotchinga ziwiri kutsogolo kwa filimu kapena sensa. Choyamba chimayenda kutsegula, chachiwiri chimatsatira kutseka. Pa liwiro lochepa, chachiwiri chimadikira kuti choyamba chifike kumapeto, ndipo pamakhala kanthawi kamene sensa yonse ili poyera. Fulashi imayaka pamenepo. Koma liwiro likapitirira 1/200 kapena 1/250 ya sekondi pa makamera ambiri amakono, chachiwiri chimanyamuka choyamba chisadafike, kotero kuti pasensa pamangodutsa kampata kopyapyala. Fulashi ikayaka, kuwala kumalowa pakampatako pokha, mbali yotsala ya chithunzi n'kukhala yakuda bii. Opanga makamera adapeza njira yozembera vutoli: fulashi imang'anima kambirimbiri motsatizana kufikira kampatako katadutsa, ngakhale kuti kuwala kwake kumachepa mphamvu.

Luso la Edgerton silidathere pa mkaka ndi zipatso. Mu 1939 mkulu wina wa asilikali a ndege a America, George Goddard, adamupempha kuti apange fulashi yaikulu yojambulira pansi usiku kuchokera m'ndege. Chidacho chidagwira ntchito pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kuphatikizapo usiku wa pa 5 Juni 1944, maola ochepa asilikali a mayiko ogwirizana asadatsikire ku Normandy m'dziko la France. Zithunzi za usiku umenewo zidaonetsa mphambano za misewu zili zii, chizindikiro chakuti asilikali a Germany sadali kuyembekezera chimene chinkabwera.

Nkhondo itatha, mu 1947, iye ndi anzake awiri amene adali ophunzira ake, Kenneth Germeshausen ndi Herbert Grier, adakhazikitsa kampani imene idadzadziwika ndi dzina la EG&G. Boma la America lidaipatsa ntchito yojambula kuphulika kwa mabomba a nyukiliya amene ankayesedwa ku Nevada ndi kuzilumba za m'nyanja ya Pacific. Apa vuto lidatembenuka: kuwala kudali kochuluka mopitirira muyeso ndipo kunkabwera kokha, choncho chofunika chidali shata yothamanga koposa. Adapanga kamera yotchedwa Rapatronic, imene shata yake idalibe kachitsulo koyenda ngakhale kamodzi. Magalasi apadera ankatsekereza kuwala, n'kukulola kudutsa kwa tizigawo tochepa mwa magawo 1 miliyoni a sekondi pamene mphamvu ya magetsi yawafika. Kampani yomweyo inkapanganso zida zowerengera nthawi ndi zophulitsira mabomba pa zoyesazo. Nzeru imene idaonetsa dziko kukongola kwa dontho la mkaka idatumikiranso chida choopsa kuposa zonse zimene anthu adapangapo, ndipo mbiri ya Edgerton singakambidwe moona popanda mbali imeneyi.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 maso ake adatembenukira kunyanja. Adagwira ntchito ndi Jacques Cousteau wa ku France pasitima ya Calypso, kumene amalinyero adamupatsa dzina lakuti Papa Flash. Adapanga makamera ndi mafulashi opirira kulemera kwa madzi akuya. Ataona kuti m'madzi amatope kuwala sikupita patali, adayamba kugwiritsa ntchito phokoso: chida chimatumiza kaphokoso kakafupi, n'kuyeza nthawi imene katenge kuti kabwerere. Mu 1973 adali m'gulu limene lidapeza sitima yankhondo ya USS Monitor, imene idamira mu 1862 kufupi ndi Cape Hatteras. Chaka chomwecho adalandira mendulo ya National Medal of Science.

Ku MIT ophunzira ankangomutcha Doc, ndipo khonde la kumene ankagwirira ntchito limatchedwa Strobe Alley. Adamwalira mwadzidzidzi ndi matenda a mtima pa 4 Januwale 1990 pasukulu pomwepo, ali ndi zaka 86. Mu 1992 sukuluyi idatsegula Edgerton Center, kumene ophunzira amaphunzira pochita zinthu ndi manja awo, ndipo kujambula zinthu zothamanga kumaphunzitsidwabe kumeneko.