Emma Delaney: mphunzitsi wa atsikana a ku Mbombwe

Pa 15 Januwale chaka chilichonse, maso a Amalawi amaloza ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, komwe dziko limakumbukira mbusa John Chilembwe. Dzina lomwe silimveka kawirikawiri pamwambowo ndi la Emma Delaney, mayi wachikuda wa ku America yemwe adafika pamishoni ya Providence Industrial m'chaka cha 1902 n'kuyamba kusonkhanitsa amayi ndi atsikana kuti aphunzire. Padali pa nthawi yomwe makolo ambiri ankaona kuti sukulu, ngati ili yofunika n'komwe, ndi ya ana aamuna.

Delaney adabadwa m'chaka cha 1871 m'tauni ya m'mbali mwa nyanja ya Fernandina, m'chigawo cha Florida. Ukapolo udali utathetsedwa m'dzikomo zaka zisanu ndi chimodzi zokha m'mbuyomo, ndipo anthu akuda ambiri akuluakulu sankadziwa kulemba ngakhale dzina lawo, chifukwa m'zigawo zambiri za kummwera malamulo ankaletsa kuphunzitsa kapolo kuwerenga. Mwana wamkazi wobadwa m'banja la anthu akuda nthawi imeneyo ankayembekezera khasu m'minda ya thonje kapena ntchito ya m'nyumba za azungu.

Chomwe chidasintha njira ya mtsikanayu ndi sukulu ya atsikana okhaokha ya Spelman, mumzinda wa Atlanta. Sukuluyi sidali ya boma. Adaitsegula amayi awiri achizungu a mpingo wa Baptist, Sophia Packard ndi Harriet Giles, pa 11 Epulo 1881, m'chipinda cha pansi pa tchalitchi cha Friendship Baptist, ndi ophunzira 11 okha. Ena mwa ophunzira oyambawo adali amayi akuluakulu obadwira muukapolo, omwe ankafunitsitsa kudziwerengera okha Baibulo. M'chaka cha 1883 sukuluyi idasamukira m'nyumba zomwe kale zidali za asilikali, ndipo m'chaka chotsatira idalandira dzina la Spelman polemekeza banja la kuchikazi kwa mpondamatiki John D. Rockefeller, yemwe adathandiza kulipira malowo.

Moyo wa pa Spelman sudali wa m'kalasi mokha. Atsikana ankaphika, kuchapa, kusita ndi kukolopa okha. Ankaphunzira kusoka ndiponso kusindikiza, moti nyuzipepala ya sukuluyi, Spelman Messenger, inkadutsa m'manja mwa ophunzira. Mu 1886 padatsegulidwa maphunziro a unamwino. Mapemphero adali gawo la tsiku lililonse, ndipo nkhani ya Africa inkakambidwa kwambiri, makamaka ophunzira akale a pasukuluyi, Nora Gordon ndi Clara Howard, atapita ku Congo kukagwira ntchito ya umishonale. Delaney adakulira mumpweya umenewu. Adamaliza maphunziro ake mu 1894, n'kupitiriza ndi a umishonale omwe adatsiriza mu 1896, ndipo adatulukanso ndi luso losamalira odwala.

Atagwirako ntchito yoyang'anira atsikana ogonera pasukulu ina ya Baptist ku Live Oak, ku Florida komweko, bungwe la National Baptist Convention lidamutuma ku Nyasaland, dziko lomwe nthawiyo linkatchedwa British Central Africa. Chilembwe adali atangobwerako ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, n'kukhazikitsa mishoni yake mu 1900. Mbusa wina wachikuda, Landon Cheek, adali atafika kale chaka chimodzi Delaney asanabwere. Atatuwa adagwirana manja pomanga nyumba za njerwa, kutsegula minda ndi kukhazikitsa sukulu.

Gawo la Delaney lidali amayi ndi atsikana. Adakhazikitsa gulu la amayi komanso kalasi yosoka yomwe inkakumana sabata iliyonse. Lero wina angaone singano ndi ulusi ngati zazing'ono, koma m'masiku a msonkho wa nyumba ndi thangata, pomwe ndalama inkapezeka pokhapokha mwamuna akagwira ntchito kuesiteti ya mzungu, mkazi wotha kusoka malaya adali ndi chake m'manja. Kalasi yosokayo idalinso khomo lolowera ku zilembo, ukhondo wa pakhomo ndi kasamalidwe ka ana. Mayi Ida Chilembwe, mkazi wa mbusayo, ndiwo adapitiriza ntchito yophunzitsa amayi mlendoyo atachoka.

Pofika 1906, Delaney ndi Cheek adali atabwerera kwawo. Koma mwa ana omwe mayiyu adawasiya, padali mnyamata wina wa Chiyao yemwe ankamuthandiza ntchito za pakhomo ndi kumumasulira chilankhulo. Dzina lake lidali Malekebu, ndipo Delaney adamupatsa maina a bambo ake omubereka, Daniel Sharpe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mnyamatayu adakana kutsala. Adathawa kwawo, n'kuyenda wapansi mpaka kudoko la Beira, komwe adapeza ntchito m'sitima yapamadzi yomwe idamufikitsa ku Ulaya, kenako n'kuwolokera ku America. Delaney adamulandira ndi kumupezera malo asukulu. Mu 1917 Malekebu adamaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College ku Nashville, n'kukhala Mmalawi woyamba kutenga digiri ya udokotala. Padapita zaka 20 kuti mwana wa ku Kasungu, Hastings Kamuzu Banda, atuluke ndi digiri yomweyo pasukulu yomweyo mu 1937.

Delaney mwiniwake sadakhazikike. Adayendayenda m'mipingo ya anthu akuda kusonkhetsa ndalama, ndipo mu 1912 adakwera sitima kupita ku Liberia. Kumeneko adakhazikitsa mishoni ya Suehn, kumtunda kwa mzinda wa Monrovia, komwe ana aamuna ndi aakazi ankaphunzira za m'buku pamodzi ndi ntchito zamanja. Ali komweko mpomwe ku Mbombwe kudaphulika mfuti mu Januwale 1915. Chilembwe adaphedwa pa 3 Febuluwale, boma la atsamunda lidagumula tchalitchi chachikulu cha njerwa, ndipo sukulu za mishoniyo zidatsekedwa. Zomwe mayiyu adadzala zidaoneka ngati zapserera.

Adabwerera ku America mu 1920 thupi litatopa ndi malungo a ku Africa, ndipo adamwalira kwawo ku Fernandina mu 1922, ali ndi zaka 51. Adatsikira kulichete asanaone mishoni ya ku Mbombwe itadzukanso.

Idadzuka ndithu, ndipo Spelman idalinso ndi dzanja pamenepo. Mu 1919 Malekebu adakwatira Flora Zeto, mtsikana wobadwira ku Congo yemwe adaleredwa ndi kuphunzira pa Spelman. Ulendo wawo woyamba atsamunda adawabweza, poopa kuti munthu wophunzira ku America angautse mapiri pachigwa monga adachitira Chilembwe. Banjali lidakadikira ku South Africa ndi ku Liberia mpaka boma lidalola, ndipo mu 1926 lidatsegulanso Providence Industrial Mission. Malekebu ankalalikira ndi kuchiza odwala, pomwe mayi Flora adatola ntchito yophunzitsa amayi ndi atsikana pomwe Delaney ndi mayi Ida adaisiyira.

Spelman idasanduka koleji mu 1924 ndipo ikadali ya atsikana okhaokha mpaka lero. Kuno kwathu, mtsikana wa kwa Chulu ku Kasungu akamanyamula sutukesi ndi ndowa ulendo wa kusekondale ya atsikana ya Nkhamenya, kusiya anzake akusoka fodya m'zigafa, amayenda njira yomwe Emma Delaney adayenda kuchoka ku Fernandina kupita ku Atlanta zaka zoposa 130 zapitazo.