Mbusa Clarence Jordan ndi Munda wa Koinonia

Pophunzitsa mbiri ya munthu, mudzafuna munthu amene zocita zake ana angathe kuziona m'maganizo. Mmodzi wotero ndi Mbusa Clarence Jordan wa mpingo wa Baptist ku America.

A Jordan anabadwa mu 1912 ku Talbotton, m'cigawo ca Georgia, kumene lamulo linkalekanitsa azungu ndi anthu akuda m'sukulu, m'mabasi ndi m'malo odyera. Anayamba aphunzira zaulimi, kenaka zaubusa ku Louisville, kumene anazama m'Cigiriki ca Cipangano Catsopano. Mu 1942 iwo ndi akazi awo a Florence, pamodzi ndi banja la a Martin England, anagula maekala 440 pafupi ndi tauni ya Americus. Malowo anawapatsa dzina lakuti Koinonia, liu la Cigiriki lotanthauza ciyanjano. Pamenepo azungu ndi akuda ankalima pamodzi, kulandira malipiro ofanana, ndi kudyera pa thebulo limodzi.

Nkhani ya thebuloyi musaipeputse, pakuti ndiyo inautsa mkwiyo. Mu 1950 mpingo wa Rehoboth Baptist unawacotsa cifukwa cobwera kumapemphero ndi mlendo wakhungu lodera, wocokera ku India. Mu 1956 ndi 1957 adani anaphulitsa sitolo yawo ya m'mbali mwa msewu ndi kuombera mfuti nyumba zawo usiku, ndipo amalonda anakana kugula zokolola zawo kapena kuwagulitsa feteleza ndi mafuta. Ambiri anacokapo. A Jordan sanabwezere ndipo sanasamuke. Anayamba kugulitsa mtedza wa pecan kwa anthu akutali kudzera pa positi, mundawo nupulumuka.

Koma inu amene mudzaphunzitsa Cinyanja, yang'anitsitsani nchito yawo ina. A Jordan anaona kuti anansi awo ankawerenga Baibulo Lamulungu lililonse osakhudzidwa mtima, popeza cinenero cake cinali cakale ndipo malo ake anali akutali. Motero anamasulira mbali zambiri za Cipangano Catsopano m'kalankhulidwe ka alimi a thonje a kwawoko, m'mabuku ochedwa Cotton Patch Version. M'menemo Yerusalemu anasanduka Atlanta, Betelehemu anasanduka Gainesville, ndipo imfa ya pamtanda inafotokozedwa ngati kupha munthu mwacipongwe kumene magulu a azungu ankacitira anthu akuda. Tinganene kuti anapitirira malire a womasulira. Komabe wowerenga sakanathanso kunamizira kuti sanamve.

Mu 1968 iwo ndi a Millard Fuller anayamba kumanga nyumba pamodzi ndi mabanja osauka, amene ankabweza mtengo wake pang'onopang'ono popanda ciwongoladzanja. M'ganizo limeneli munacokera bungwe la Habitat for Humanity mu 1976, lomwe lamanga nyumba ngakhale muno m'Zambia. A Jordan sanazione zimenezi. Anamwalira pa 29 October 1969 m'kanyumba kamene ankalemberamo, nyumba yoyamba isanathe, ndipo anaikidwa m'mundamo, m'manda opanda mwala.