Hugh Tracey: mlimi wa fodya amene adasunga nyimbo za makolo pa tepi

Mumzinda wa Makhanda, m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, muli nyumba ina ya payunivesite ya Rhodes momwe mukusungidwa mawu a Amalawi amene ambiri mwa iwo adatsikira kale kulichete. Muli mawu a amayi akusinja pamtondo, a akatswiri a bangwe ndi kalimba, komanso a anyamata a malipenga a m'mbali mwa nyanja. Mawuwa adajambulidwa m'zaka za m'ma 1950, dziko lino likadali Nyasaland, ndipo amene adayenda m'midzi ndi makina ojambulirawo adali malemu Hugh Tracey, Mngelezi yemwe adabwera ku Africa kudzalima fodya koma n'kuthera moyo wake wonse pa nyimbo za eni nthaka.

A Tracey adabadwa pa 29 January 1903 m'mudzi wa Willand, m'dera la Devon ku England. M'chaka cha 1921, ali mnyamata wa zaka 18, adafika ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe, kudzathandiza mkulu wawo Leonard, amene adapatsidwa malo olima atabwerako ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Kumundako adagwira ntchito limodzi ndi anthu a mtundu wa Akaranga, ndipo posakhalitsa adayamba kulankhula chinenero chawo ndi kuyimba nawo nyimbo zapantchito. Azungu ambiri a nthawi imeneyo ankaziona nyimbo zotere ngati phokoso chabe, ndipo mamishoni ena ankaletsa akhristu awo kuziyimba. Mnyamatayu adamvamo luso, ndipo adayamba kulemba mawu a nyimbo ndi nthano zomwe ankamva madzulo.

Mu 1929 akatswiri a kampani ya Columbia ya ku London adafika ku Johannesburg kudzajambula nyimbo. A Tracey adatenga anyamata 14 Achikaranga n'kupita nawo kumeneko, ndipo mbale za galamafoni zomwe zidatuluka paulendowo zili m'gulu la mbale zoyambirira za nyimbo za makolo a ku Zimbabwe. Patatha zaka ziwiri adakumana ku London ndi akatswiri awiri opeka nyimbo, a Ralph Vaughan Williams ndi a Gustav Holst, amene adawalangiza kuti asataye nthawi ndi kulemba nyimbozo papepala monga mwa kalembedwe ka ku Ulaya, koma aike mtima pa kuzijambula mmene eni ake akuziyimbira. Langizo limeneli ndilo lidawatsogolera mpaka imfa yawo.

Ndi thandizo la bungwe la Carnegie, m'zaka za 1932 ndi 1933 adazungulira Southern Rhodesia ndi makina olemba mawu pa mbale za aluminiyamu. Lipoti lomwe adalemba pomaliza pa ntchitoyo lidadzudzula mchitidwe wa mamishoni wopondereza nyimbo za makolo, ndipo akuluakulu a boma la atsamunda sadalifalitse. Popeza kujambula nyimbo kokha sikukadawadyetsa, adalowa ntchito ya pawayilesi ku South Africa, ndipo kuyambira 1936 mpaka 1947 adali mkulu wa nyumba youlutsira mawu ya SABC ku Durban. Ali pantchito imeneyi ankapitabe kum'mwera kwa Mozambique kukaphunzira za timbila, mangolongondo akuluakulu a Achopi omwe amayimbidwa ndi gulu lalikulu la anthu nthawi imodzi. Buku lawo lonena za oyimba amenewa, Chopi Musicians, lidatuluka mu 1948.

Atasiya ntchito ya pawayilesi, adapeza mthandizi mwa a Eric Gallo, mwini wa kampani yojambula ndi kugulitsa mbale ya Gallo, amene adawapatsa malo ku Roodepoort, galimoto ndi zipangizo. A Gallo ankayembekezera kuti paulendo uliwonse papezeka nyimbo zoyenda malonda, pomwe a Tracey ankafuna kusunga chilichonse chomwe chidali ndi luso, chigulidwe kapena chisagulidwe. Maulendo aataliwa adayamba pa nthawi imene makina a tepi ankalowa m'malo mwa makina olemba pa mbale, ndipo kusintha kumeneku ndiko kudachititsa kuti ntchito yawo ikule kufika pomwe idafika.

Makina akale aja ankagwiritsa ntchito singano yomwe inkagoba kanjira pa mbale pomwe woyimba akuyimba. Munthu akalakwitsa, kapena mwana akalira pafupi, mbaleyo idali itawonongeka basi. Makina a tepi, omwe kampani ya AEG ya ku Germany idawaonetsa koyamba ku Berlin mu 1935 ndipo adafala itatha nkhondo yachiwiri, amagwira ntchito mwanjira ina. Tepi ndi kalamba kopyapyala kopakidwa fumbi la chitsulo, ndipo kamachoka pa mkombero umodzi n'kumakakulungika pa unzake. Pakati pa mikombero iwiriyo kamakhudza kachitsulo ka maginito komwe kamasiya chizindikiro cha mawu pa fumbilo. Tepi imatheka kufufutidwa, kudulidwa ndi kulumikizidwanso, ndipo chachikulu n'chakuti zomwe zajambulidwa zimamveka nthawi yomweyo popanda kuwononga kanthu.

Komabe makina oyambirirawa adali olemera ndipo ankafuna magetsi. Kumidzi komwe a Tracey ankapita kudalibe magetsi, choncho ankayenda ndi jenereta yomwe ankaiika patali n'kukoka nthambo yaitali, kuopa kuti phokoso lake lingalowe m'nyimbo. Situdiyo yawo idali bwalo la mfumu, mthunzi wa mtengo kapena khonde la sukulu. Maikolofoni sankaiimika pamalo amodzi. Ankaigwira m'manja n'kumayenda nayo pakati pa oyimba, kuisendeza kwa wotsogolera nyimbo, kenaka kwa ovomera, kenaka ku ng'oma iliyonse payokha, kuti womvera adzazindikire mbali ya aliyense. Nyimbo zambiri ankazidula pa mphindi zitatu kapena kupitirira pang'ono, molingana ndi kutalika kwa mbale za nthawiyo, ngakhale kuti pabwalo gule yemweyo amatha kuchezera usiku wonse.

Akamaliza kujambula ankabweza tepi n'kuitsegula kuti oyimba adzimvere okha, ndipo kwa ambiri aka kadali koyamba kumva mawu awo akutuluka m'makina. Pa nyimbo iliyonse ankalemba khadi losonyeza dzina la woyimba, malo, chinenero, zipangizo ndi tanthauzo la mawu. Ankayendanso ndi bokosi la tizitsulo 54 toyezera kukwera ndi kutsika kwa liwu, tomwe ankayerekeza ndi mano a kalimba kapena mipiringidzo ya mangolongondo. Miyezo imeneyi idawathandiza kusonyeza kuti zipangizo za mu Africa zili ndi makonzedwe akeake a maliwu omwe eni ake amawatsata mwadala, ndipo kusiyana kwake ndi piyano sikutanthauza kuti wozikonza adalakwitsa.

Maulendo a 1950 ndi 1952 adawafikitsa kutali kwambiri. Ku Kenya adajambula nyimbo za Akipsigis zotchedwa Chemirocha, zomwe dzina lake lidachokera kwa woyimba wa ku America Jimmie Rodgers, amene mbale zake zidafika kumeneko. Ku Uganda adajambula oyimba a kubwalo la Kabaka wa Buganda, ndipo matepi amenewa adasanduka chuma chosowa pomwe asilikali adaphwasula nyumba ya mfumuyo mu 1966 ndipo zipangizo zambiri zidawonongeka. Ku Jadotville, komwe lero ndi Likasi m'dziko la Congo, adakumana ndi mnyamata woyimba gitala, Jean Bosco Mwenda, amene nyimbo yake ya Masanga idamveka maiko ambiri. Mu 1957 adajambula Atonga a m'chigwa cha Zambezi madzi a damu la Kariba asanamize midzi yawo.

Nyimbo za anthu a ku Nyasaland adazijambula m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958. M'nkhokwe yawo muli nyimbo za Amang'anja, Achewa, Ayao, Atonga ndi Atumbuka. Chaka chomaliza mwa zaka zimenezi ndi chomwe Dr Hastings Kamuzu Banda adabwerera kumudzi kudzatsogolera nkhondo yolimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo moyo wa m'midzi udali ukusintha mofulumira. Amuna ambiri adali ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia, ndipo magitala ndi magalamafoni adali atayamba kulowa m'midzi. Zomwe zidalowa pa matepi a Tracey ndi umboni wa mmene anthu ankayimbira, mmene ankalankhulira ndi zomwe zinkawadetsa nkhawa pa nthawi imeneyo.

Mu 1954, ndi thandizo la bungwe la Nuffield la ku Britain, adakhazikitsa nkhokwe ya International Library of African Music, yodziwika mwachidule kuti ILAM, ndipo chaka chomwecho magazini ya kafukufuku ya African Music idayamba kutuluka. Kuchokera pa matepi awo adatulutsa mbale zazikulu zoposa 200 m'ndandanda wotchedwa Sound of Africa, wopita kumayunivesite ndi nyumba zowerengera, komanso mbale 25 za Music of Africa zogulitsa kwa aliyense. Adatsegulanso kampani yopanga kalimba yomwe maliwu ake adawasanja mwa dongosolo la ku Ulaya. Kudzera m'malonda amenewa, dzina lakuti kalimba, lomwe ndi lodziwika kuno ndi ku Zambia, lidafala dziko lonse, ngakhale ambiri ogula sadziwa komwe lidachokera.

Akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma mbiri ya a Tracey ili ndi mbali yomwe akatswiri amakono amaifunsa mafunso. Ankayenda ndi chilolezo cha maboma a atsamunda, ndipo kawirikawiri oyimba ankasonkhanitsidwa kudzera mwa mabwanamkubwa ndi mafumu. Gawo lina la ndalama za ILAM lidachokera ku makampani a migodi, omwe ankaona magule ngati njira yosangalatsira antchito okhala m'makomponi kutali ndi mabanja awo. A Tracey ankakhulupirira kuti mtundu uliwonse uzisunga nyimbo zake, ndipo ankakayikira za nyimbo za m'tauni zotengera za kunja, maganizo omwe ena amati ankayandikana ndi mfundo za tsankho za ku South Africa. Kuwonjezera apo, umwini wa zojambulidwazo udatsala ndi nkhokweyo, osati ndi oyimba kapena ana awo. Oikira kumbuyo ntchito yawo amakumbutsa kuti adalemba maina a oyimba pa nthawi imene ojambula ena sankalabadira kutero, ndiponso kuti cholinga chawo chachikulu chidali chakuti nyimbozi zidzaphunzitsidwe m'sukulu za mu Africa.

Cholinga chimenechi sichidatheke iwo ali moyo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 adakonza ndondomeko yolemba mabuku a sukulu ochokera pa nyimbo zomwe adajambula, koma ndalama sizidapezeke, ndipo maiko omwe adali atangolandira ufulu sankafuna kugwira ntchito ndi bungwe lokhala m'dziko la tsankho. Pa nthawi imeneyo makina a tepi adali atachepa thupi. Nagra III, yomwe a Stefan Kudelski adatulutsa ku Switzerland mu 1958, ndi Uher Report ya ku Germany yomwe idabwera mu 1961, zinkayendera mabatire ndipo munthu ankazikoleka paphewa. Ntchito yomwe kale inkafuna lole ndi jenereta tsopano inkatheka ndi munthu mmodzi, koma maulendo aakulu a Tracey adali atapita kale.

Adamwalira pa 23 October 1977 ali ndi zaka 74, ndipo adaikidwa pa famu yawo ya Saronde pafupi ndi Krugersdorp. Chaka chotsatira mwana wawo Andrew Tracey adasamutsira ILAM ku yunivesite ya Rhodes mumzinda wa Grahamstown, womwe kuyambira 2018 ukutchedwa Makhanda. Tepi sikhala mpaka kalekale, chifukwa chinyezi chimaimeretsa nkhungu ndipo kalambako kamauma n'kumathothoka. Makina oiwerengera nawonso adasiya kupangidwa mochuluka, moti omwe atsala ali m'manja mwa nkhokwe ndi anthu okonda kusonkhanitsa zipangizo zakale, amene amasakasaka malamba ndi tizitsulo tosinthira. Pa chifukwa chimenechi ILAM idasamutsira zojambula za a Tracey pa kompyuta, ndipo kampani ya SWP ya a Michael Baird ku Netherlands idatulutsa zina pa ma CD, awiri mwa iwo a nyimbo za ku Malawi zokhazokha.

Mu 2014 akatswiri a ILAM ndi anzawo a ku Kenya adabwezera nyimbo za Chemirocha kumidzi ya Akipsigis komwe zidajambulidwa, ndipo adapezako anthu okumbukira oyimbawo. Makadi omwe a Tracey adalemba ku Nyasaland ali ndi maina a anthu ndi a malo. Ana ndi zidzukulu za oyimbawo alipo m'midzi ndi m'mizinda ya dziko lino, ndipo maina a pa makadiwo ndi poyambira powafufuza kuti amve mawu a agogo awo.