Mayi wa kanema amene asilikali sanamumvere

Pa Mangochi Boma, pafupi ndi nsanja ya wotchi, pali mfuti ya sitima ya Guendolen. Mu Ogasiti 1914 sitimayi inaphwanya sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ku Liuli. Kapitawo wa Ajeremani sankadziwa n'komwe kuti nkhondo yayamba, pamene Angelezi uthenga anali ataulandira kale. Ine ndikaima pamenepo ndimakumbuka mwana wamkazi amene anabadwa chaka chomwecho ku Vienna, Hedwig Kiesler, amene dziko linadzamudziwa kuti Hedy Lamarr.

Mu 1933 anakwatiwa ndi Fritz Mandl, mpondamatiki wogulitsa zida za nkhondo. Bamboyo ankamutenga ku misonkhano ngati chokongoletsa tebulo, osadziwa kuti mayiyo makutu ali tcheru. Mu 1937 anathawa banjalo, ndipo ku London anakumana ndi Louis B. Mayer wa MGM amene anamutengera ku Hollywood. Amene munaonera Samson and Delilah, ya 1949, Delilah uja ndi iyeyu.

Koma nkhani yanga ili pa wailesi. Bomba loyenda m'madzi likamaongoleredwa ndi wailesi, mdani amangopeza malo amene uthenga ukudutsa n'kuthirapo phokoso, basi bomba lasochera. Lamarr ndi George Antheil, katswiri wa nyimbo, anati uthengawo usamakhale malo amodzi. Uzidumphadumpha pa malo 88, monga mabatani a piyano, wotumiza ndi wolandira akusinthira pamodzi mwa dongosolo lodziwa awiriwo. Mdani akatseka pano, uthenga wapita kale uko.

Chiphaso cha luso lawo chinatuluka pa 11 Ogasiti 1942. Asilikali a pamadzi a ku America anangochiika m'kabati. Mayiyo anatumidwa kukakopa anthu kuti abwereke boma ndalama za nkhondo, poti nkhope ndiye anali nayo. Mmene chiphasocho chinkatha mphamvu mu 1959, sanapatepo ngakhale khobidi.

Ndisanamizepo munthu, ophunzira inu: nzeruyi ena anaiganizapo iye asanabwere, ndipo oti ndiye anapanga WiFi amakokomeza. Komabe kunyalanyaza ntchito yake kunali kulakwa. Lero mawailesi a asilikali amadumpha chomwecho pozemba osokoneza. Bluetooth ya pa sipika yanu mumsikamo nayonso imadumpha, ka 1,600 pa sekondi imodzi.

Ulemu unabwera mochedwa, mu 1997, ali gogo wosafunanso kuonekera pagulu, moti mphothoyo anakamulandirira mwana wake. Anamwalira ku Florida pa 19 Januwale 2000.