Ernie Davis, Mnyamata wa Jezi Nambala 44

Anzanga, tonse timadziwa mkangano umene umabuka aphunzitsi a masewera akamagawa majezi: aliyense akufuna nambala 10. Ku America nakonso nambala imakhala ndi mbiri yake. Pa yunivesite ya Syracuse, m'chigawo cha New York, nambala yolemekezeka inali 44. Mpira wake si uwu wathu wa miyendo ayi. Ndi uja wooneka ngati dzira, womwe munthu amaunyamula m'manja n'kumathamanga nawo, anzake akumugwetsa ngati akugwira mbuzi yothawa.

Ernie Davis anabadwa pa 14 Disembala 1939 ku Pennsylvania. Bambo ake anamwalira iye ali khanda, choncho analeredwa ndi agogo ake ku Uniontown. Ali mwana anali wachibwibwi. Ali ndi zaka 12 anakakhala ndi mayi ake ku Elmira, ndipo kusekondale ya kumeneko anatchuka pa liwiro; pambuyo pake anthu anamupatsa dzina loti Elmira Express, ngati sitima yosaima pa siteshoni.

Nthawi imeneyo 44 inali kale ndi mwini. Jim Brown anaivala ku Syracuse kuyambira 1954 mpaka 1956 ndipo anaitchukitsa kwambiri. Brown yemweyo anathandiza kunyengerera Davis kuti abwere ku Syracuse. Mphunzitsi wa timuyi, Ben Schwartzwalder, atamupatsa 44, uthenga unali woonekeratu: mphwanga, walowa m'malo mwa mkulu wako, usatichititse manyazi.

Davis sanachititse manyazi. Mu 1959 Syracuse inapambana masewera onse 11 n'kukhala akatswiri a mayunivesite a dziko lonse. Masewera omaliza, otchedwa Cotton Bowl, anachitikira ku Dallas pa 1 Januwale 1960, ndipo anagonjetsa Texas 23-14. Davis anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse tsikulo. Koma kum'mwera kwa America tsankho linali lisanathe. Paphwando la madzulo osewera akuda sanaloledwe kukhala mpaka kumapeto. Tangoganizani, wawinitsa timu ndiwe, koma pachakudya akukuonetsa khomo.

Mu 1961 analandira Heisman Trophy, mphotho ya wosewera wopambana m'mayunivesite onse a ku America. Anali munthu wakuda woyamba kuilandira, ndipo Pulezidenti John F. Kennedy anakumana naye n'kumugwira chanza.

Apa m'pamene nambala inasintha. Matimu akuluakulu a NFL akamasankha osewera ochokera m'mayunivesite, Davis ndiye anali woyamba kusankhidwa. Timu ya Washington inamutenga, kenako inamusinthanitsa ndi Cleveland Browns, komwe kunali Jim Brown. Kumeneko anamupatsa 45. Anthu anali kudikira kuona eni ake a 44 awiriwa akuthamanga mu timu imodzi.

Sizinatheke. Mu 1962, akukonzekera masewera a osewera osankhika a m'mayunivesite, anadwala. Madokotala anapeza khansa ya m'magazi. Mu Ogasiti chaka chomwecho anamuitana pabwalo la Cleveland kuti ochemerera amuone, koma jezi 45 ija sanasewere nayo ngakhale mphindi imodzi. Anamwalira pa 18 Meyi 1963 ali ndi zaka 23, ndipo anaikidwa ku Elmira. A Browns anaika 45 pambali kuti wina aliyense asadzaivalenso.

Nanga 44 inathera kuti? Asanamwalire, Davis anacheza ndi mnyamata wina waluso, Floyd Little, amene ankafunidwanso ndi masukulu ena. Little anamulonjeza kuti apita ku Syracuse. Atamva za imfa ya Davis anasunga lonjezolo, ndipo anavala 44 kuyambira 1964 mpaka 1966. Brown anakoka Davis, Davis anakoka Little. Anthu atatuwa ndi amene anachititsa kuti nambalayi ikhale ngati mpando wa ufumu. Yunivesiteyi inafika posintha nambala yake ya positi kukhala 13244, kuti ithere ndi 44. Mu 2005 inalengeza kuti 44 yapuma, ndipo mu 2008 panatuluka filimu ya moyo wa Davis yotchedwa The Express.

Chondikhudza ine n'chakuti Davis anavala nambala ziwiri zomwe zonse zinapumitsidwa. Imodzi anaikhetsera thukuta zaka zitatu. Inayo sanagoletse nayo kalikonse, koma anthu anailemekezabe chifukwa cha khalidwe la mwini wake, yemwe ankadziwika ndi ulemu ndiponso kusadandaula ngakhale pa matenda.

Ndiye inu a Fomu 4 amene mukusiya majezi chaka chino, musangowaponya m'katoni. Muoneni wa Fomu 1 amene adzavale nambala yanu, mumuuze dzina la amene anaivala inu musanabwere.