AUGUSTINE WOYERA, MPHUNZITSI WA CHAULERE CHA MULUNGU

Pa 28 Ogasiti Eklezia Katolika amakumbukira Augustine Woyera, Episkopi wa ku Hippo, mwana wa m'dziko lino la Africa, amene Akristu amamutcha Mphunzitsi wa Chaulere. Dzina limeneli sadalipate chifukwa cha mabuku okha ai. Zimene adalemba za chaulere cha Mulungu adayamba wazilawa yekha, pa zaka zambiri zimene adafuna kukhala munthu wolungama koma nalephera.

Ubwana ndi kusokera kwake

Augustine adabadwa pa 13 Novembala chaka cha 354 ku Thagaste, kumene lero kutchedwa Souk Ahras, m'dziko la Algeria. Atate ake, Patricius, adali akunja, ndipo adabatizidwa atatsala pang'ono kumwalira. Amai ake, Monica Woyera, adali Mkristu wolimba pa mapemphero. Mwanayo adali wanzeru zodabwitsa, chotero makolo ake adadzimana zambiri kuti akaphunzire ku Madaura ndiponso ku Carthage, mzinda waukulu wa chigawocho. Kumeneko adasanduka katswiri pa luso la kulankhula pagulu. Komweko adatenga mkazi wosamanga naye ukwati, amene adamubalira mwana dzina lake Adeodatus. Adalowanso m'gulu la otsatira Mani, nakhalamo zaka 9. Anthu amenewa adali kuphunzitsa kuti zoipa zimachitidwa ndi mphamvu ina ya mdima yokhala mwa munthu, osati ndi munthu mwini wake, ndipo mau otere adamukomera mnyamata amene sadafune kuvomera mlandu.

Chaka cha 383 adawanamiza amai ake, nakwera chombo usiku kupita ku Roma, kuwasiya akulira pa doko. Chaka chotsatira adapatsidwa nchito ya uphunzitsi ku Milan. Monica sadataye mtima; adaoloka nyanja namutsatira komweko.

Kutembenuka mtima

Ku Milan Augustine adayamba kukamvera maulaliki a Episkopi Ambrose Woyera. Chimene adapitira ndi kukayesa luso la mlalikiyo, koma pamodzi ndi mau okoma choona chidalowanso. Posakhalitsa nzeru zake zidavomera kuti chiphunzitso cha Eklezia nchoona. Koma kudziwa njira ndi kwina, kuyendamo ndi kwinanso. Chizolowezi cha dama chidamumanga ngati unyolo, ndipo pamene adayesa kuchileka adapeza kuti mtima wake uli pawiri, kufuna ndi kusafuna nthawi imodzi.

Tsiku lina m'chaka cha 386 mlendo wina, Ponticianus, adamusimbira za Antony Woyera wa ku Egypt ndi za anthu ena amene adasiya zonse chifukwa cha Kristu. Augustine adagwidwa ndi manyazi, natulukira kumunda wa panyumba, nagwa pansi pa mkuyu akulira. Ali pomwepo adamva mau a mwana akuimba m'nyumba yoyandikana, omuuza kuti atenge buku awerenge. Adatsekula makalata a Paulo Woyera, ndipo maso ake adagwera pa mutu 13 wa kalata ya kwa Aroma, pamene Mtumwi aletsa kuledzera, dama ndi ndeu, nalamula kuvala Ambuye Yezu Kristu. Kukayika konse kudatha nthawi yomweyo. Chimene adachilephera ndi mphamvu zake pa zaka zambiri adachilandira ngati mphatso.

Adabatizidwa ndi Ambrose usiku wa Paskha, mwezi wa Epulo chaka cha 387, pamodzi ndi mwana wake ndi bwenzi lake Alypius. Chaka chomwecho Monica adamwalira ku Ostia, pa ulendo wobwerera kwao, ali ndi zaka 56, ataona chimene adachipempherera. Augustine adafika ku Africa mu 388. Mu 391 Akristu a ku Hippo, kumene lero ndi ku Annaba, adamukakamiza kulandira unsembe, ndipo patapita zaka zowerengeka adadzozedwa Episkopi.

Chaulere ndicho chitsogola

Poyamba iye adali kuganiza kuti munthu amayamba kukhulupirira mwa yekha, Mulungu nkumupatsa chaulere pambuyo pake. Koma atangokhala Episkopi, Simplicianus, nkhalamba ya ku Milan imene idamuthandiza pa kutembenuka kwake, adamutumizira mafunso pa kalata ya kwa Aroma. Posinkhasinkha mau a Paulo, Augustine adaona kuti ngakhale chiyambi chenicheni cha chikhulupiriro ndi mphatso ya Mulungu, pakuti munthu alibe chabwino chimene sadachite kulandira.

Chiphunzitso chimenechi chidayesedwa ndi Pelagius, munthu wa ku Britain wa makhalidwe odziletsa, amene adali kuphunzitsa ku Roma. Iyeyu adanyansidwa ndi ulesi wa Akristu ambiri, ndipo pofuna kuwadzutsa adati munthu angathe kusunga malamulo onse ndi mphamvu zimene adalengedwa nazo. Kwa iye tchimo la Adamu lidationonga ngati chitsanzo choipa chabe, ndipo chaulere chidali makamaka ufulu wa kusankha, malamulo, chitsanzo cha Kristu ndi chikhululukiro cha machimo akale. Mzinda wa Roma utagwa m'manja mwa Agoti mu 410, Pelagius ndi wophunzira wake Caelestius adaolokera ku Africa, ndipo maganizo ao adafika pakati pa nkhosa za Augustine.

Episkopi wa ku Hippo adawayankha ndi zimene adazidziwa bwino. Malamulo amaonetsa nthenda, koma sachiritsa wodwala. Ngati munthu angathe kudzilungamitsa yekha, mtanda wa Ambuye udali wa chiyani? Nanga Eklezia abatiziranji makanda, ndipo Akristu apempheranji kuti asagwe m'chinyengo? Chaulere ndi Mzimu Woyera amene athira chikondi m'mitima, kuti munthu akonde chabwino ndi kutha kuchichita. Pa 1 Meyi 418 Aepiskopi oposa 200 adasonkhana ku Carthage nakana chiphunzitso cha Pelagius, ndipo Papa Zosimus adachikananso chaka chomwecho.

Chikhulupiriro chiyenera kubala zipatso

Tsono padabukanso cholakwa china cha mbali inayo. Ena adati munthu akangokhulupirira ndi kubatizidwa adzapulumuka ndithu, ngakhale asasiye chigololo kapena tchimo lina lalikulu. Mu 413 Augustine adalemba buku lotchedwa pa Chilatini De fide et operibus, ndiko kuti Za chikhulupiriro ndi nchito. M'menemo adaonetsa kuti Paulo ndi Yakobo satsutsana. Paulo anena za nchito zimene munthu azidalira asanalandire chaulere, zosatha kugula chipulumutso. Yakobo anena za nchito zotsata chikhulupiriro, zimene zikasowa chikhulupirirocho nchakufa. Chikhulupiriro chopulumutsa ndi chimene chigwira nchito mwa chikondi.

Atakalamba, cha m'ma 426, adamva kuti m'nyumba ya abale odzipereka kwa Mulungu ku Hadrumetum, kumene lero ndi ku Sousse m'dziko la Tunisia, mwabuka mkangano. Padali onena kuti ngati zonse nza chaulere, mkulu wao asamadzudzule wolakwa, angomupempherera basi. Augustine adawalembera mabuku awiri kuwafotokozera kuti chaulere sichichotsa ufulu wa munthu, koma chiuchiritsa. Kuti kudzudzula ndi chimodzi mwa zida zimene Mulungu agwiritsa nchito pobweza wochimwa. Ndiponso kuti mphotho ya Kumwamba ndi yeniyeni, ngakhale nchito zolandirira mphothoyo zidachokera kwa Mulungu yemweyo. Tonse tidziwa kuti mlimi sangagwetse mvula. Komabe amene aleka khasu ponena kuti mvula nja Mulungu adzakolola udzu. Augustine akadaonjeza kuti ngakhale mphamvu yogwirira khasulo ndi yopatsidwa.

Nchito zake ndi imfa yake

Munthu amene adakana kudalira nchito zake ndiye adagwira nchito koposa anzake. Adali kulalika kawirikawiri, kulemba mabuku ndi makalata, ndi kuweruza milandu ya anthu ake, nthawi zina tsiku lonse osadya. Possidius, bwenzi lake amene adalemba mbiri yake, asimba kuti ndalama zikatha adali kusungunula ziwiya zopatulika za m'tchalitchi kuti aombole ogwidwa ukapolo ndi kuthandiza amphawi.

Mu 430 ankhondo a mtundu wa Avandali adazinga mzinda wa Hippo, ndipo pa mwezi wachitatu wa kuzingako Augustine adadwala malungo. Adapempha kuti Masalmo a Davide a kulapa alembedwe ndi kupachikidwa pa khoma pafupi ndi bedi lake, ndipo masiku ake otsiriza adawawerenga akulira misozi. Adamwalira pa 28 Ogasiti 430, ali ndi zaka 75, osasiya chuma choti agawe. Mafupa ake asungidwa ku Pavia, m'dziko la Italy.

Msonkhano wa Aepiskopi wa ku Orange mu 529 udatsimikiza kuti chiyambi cha chikhulupiriro ndi mphatso, kuti obatizidwa onse angathe ndipo ayenera kugwira nchito za chipulumutso ndi chithandizo cha Kristu, ndi kuti Mulungu sakonzeratu munthu aliyense kuchita zoipa. Msonkhano waukulu wa ku Trent udalongosolanso zimenezi mu 1547, ndipo mu 1999, ku Augsburg, Akatolika ndi Alutera adasaina chikalata chovomerezana kuti timalandiridwa ndi Mulungu mwa chaulere chake, ndipo Mzimu Woyera atiitana ku nchito zabwino.

Abale okondedwa, amene wagwa kambirimbiri m'tchimo limodzimodzi asataye mtima, pakuti Mulungu amene adamasula Augustine sadasinthe. Apemphe chaulere, ayandikire Masakramenti. Amene aima molimba asanyoze mnzake wofooka, popeza kuima kwakeko ndi kopatsidwa. Ndipo amene adabatizidwa ayang'ane m'munda mwake ngati muli zipatso: kudyetsa anjala, kuzonda odwala, kukhululukira adani ndi kusunga ukwati mokhulupirika.

Augustine Woyera, mutipempherere ife.