A Paul Ngozi, mau a mu komboni

Dzulo minibasi yathu ikudutsa ku Heavy Industrial Area, a dilaiva anaika nyimbo ya a Paul Ngozi. Anyamata a kumbuyo sanaidziwe, ine mtima unawawa.

Dzina lao lenileni ndi Paul Dobson Nyirongo, obadwa mu 1949. Ndi gulu lao la Ngozi Family anatulutsa Day of Judgement mu 1976. Gitala inali yaukali, mau a Cinyanja ndi Cizungu okamba umoyo wathu wa mu komboni. Anamwalira mu 1989.

Manje onani, mu 2024 Tyler, the Creator wa ku America anatapa nyimbo yao mu Noid. Akunja aidziwa, ana athu iyai. Pa Ciwelu atengeni ku Kabwata, akaone mseu wa Paul Ngozi.